Akufuna Manja, Sakufuna Munthu

Maliro akagwa pamudzi, anthu anzeru amayamba afunsa kuti malemu ankadwala chiyani, anadwala nthawi yaitali bwanji, ndipo ankawadwazika ndani. Koma alipo mabanja ena amene mafunso oterewa amawaopa, pakuti mayankho ake amaloza m'nyumba momwemo. Mabanja otere amathamangira kwa sing'anga kukaombeza, ndipo ula wake sugwera mwini chuma kapena mwini mbumba. Nthawi zonse umagwera munthu wopanda womuikira kumbuyo, kaya ndi nkhalamba ya kumapeto kwa mudzi, kaya ndi mkamwini wochokera kutali.

Umu ndi m'mene chinachitira chipani cha Conservative cha ku Britain chitagwa chagada pa chisankho cha pa 4 Julayi 2024. Chipani chimene chinalamulira dzikolo zaka 14, pansi pa nduna zazikulu zisanu, chinangotola mipando 121 mwa mipando 650 ya m'Nyumba ya Malamulo, manyazi amene chinali chisanawaonepo chiyambire. Zifukwa zake zinali pambalambanda: mizere ya odwala odikira thandizo m'zipatala, kukwera mitengo kwa zinthu, maphwando a ku Downing Street pa nthawi imene anthu wamba ankaletsedwa kukazonda abale awo chifukwa cha Covid-19, ndiponso masiku 49 a mayi Liz Truss amene anagwedeza chuma cha dziko. A Rishi Sunak atalengeza kuti akutula pansi udindo, mpikisano wofuna mtsogoleri watsopano ukanakhala mpata wabwino woti chipani chidzifunse. Koma unasanduka okushoni, aliyense kukweza pa mtengo wa mnzake monga amachitira ogula fodya, kungoti katundu wake anali nkhanza kwa munthu wobwera.

Anaimirira anthu asanu ndi mmodzi: Kemi Badenoch, Robert Jenrick, James Cleverly, Tom Tugendhat, Mel Stride ndi Priti Patel. Mwambo wa chipanicho ndi wakuti aphungu amavota kangapo, nkumachotsa wotsalira mmodzimmodzi mpaka patatsala awiri, ndipo awiriwo amakaonekera kwa mamembala a makadi. Pa 2 Novembala 2024 zotsatira zinatuluka: mayi Badenoch mavoti 53,806, a Jenrick 41,388. Tawerengani bwino manambalawa. M'dziko la anthu pafupifupi 70 miliyoni, mtsogoleri wa mbali yotsutsa boma anasankhidwa ndi anthu osakwana 100,000, ambiri a iwo achikulire, amene mtima wawo unali ukuwawa poona mavoti oposa 4 miliyoni atapita ku chipani cha Reform UK cha a Nigel Farage. Wofuna mpando ankayenera kuvina nyimbo imene kagulu aka kankafuna kumva, ndipo ovina anapezeka.

A Jenrick ndiwo anatsogolera gule. Iwo anati Britain ituluke m'pangano la maiko a ku Ulaya loteteza ufulu wachibadwidwe, lija amalitcha ECHR, ndipo Nyumba ya Malamulo iike malire okhwima kuti anthu owonjezereka m'dziko chifukwa cha kubwera asafike 100,000 pa chaka. Mayi Badenoch pa nthawiyo anakana kulonjeza zotuluka m'panganolo, koma analemba m'nyuzipepala kuti zikhalidwe za anthu sizilemera mofanana, ndipo kuti chikhalidwe cha wobwerayo nchofunika kuchiyang'ana kuposa chiwerengero. Wina ankawerenga mitu, wina ankayeza mitima, koma onse anagwirizana pa mutu umodzi wakuti chinadwalitsa Britain ndi mlendo.

Funso limene ine ndili nalo ndi lophweka, loti ngakhale mwana wa sitandade 5 atha kufunsa: kodi zaka 14 zonsezi makiyi a pachipata anali m'thumba mwa yani? Onse asanu ndi mmodziwa anakhalapo nduna m'boma lomwelo. Anayi mwa iwo anagwira ntchito mu unduna wa za m'dziko, umene umapereka ziphaso zolowera. Mayi Patel ndiwo anali nduna pamene dongosolo latsopano la ma visa linayamba mu Januwale 2021. A Jenrick anali nduna yoona za olowa ndi otuluka kuyambira Okutobala 2022 mpaka Disembala 2023, nthawi yeniyeni imene chiwerengero chinafika pachimake. Munthu amene anali mlonda usiku umene nkhokwe inatha chimanga, m'mawa wake nkumakuwa kuposa onse kuti kwalowa akuba, tiyenera kumuyang'ana m'maso kawiri.

Mbiri ya lonjezo ili ndi yaitali. Mu 2010 a David Cameron analonjeza kuti mukachotsera otuluka pa olowa, otsalawo sadzafika 100,000 pa chaka. Lonjezoli analibwereza pa chisankho cha 2015, mayi Theresa May nkulibwerezanso mu 2017. Mu 2016 anthu anauzidwa kuti akavota zotuluka mu European Union adzalanda makiyi a malire awo. Anavotadi, natuluka. Chotsatira chake nchakuti m'chaka chothera mu Juni 2023 chiwerengero chija chinapitirira 900,000. Ena mwa anthuwa anali othawa nkhondo ku Ukraine ndi ochokera ku Hong Kong, amene boma linawaitana lokha. Ochuluka zedi anali ophunzira, antchito ndi mabanja awo ochokera ku India, Nigeria, Zimbabwe ndi kwina, aliyense ali ndi chiphaso chodindidwa ndi boma la Conservative. Owoloka nyanja pa timabwato ta mphira kuchokera ku France, amene ankadzaza mawailesi a kanema tsiku ndi tsiku, anali pafupifupi 46,000 mu 2022 ndipo osakwana 30,000 mu 2023. Ndiye kuti amene ankawatcha chigumula anali kamtsinje chabe poyerekeza ndi nyanja imene boma linatsekulira lokha.

Nanga boma linatsekuliranji? Silinapenge ayi. Britain ndi dziko la okalamba ambiri ndi ana ochepa. M'chaka cha 2021 kulowa 2022 ntchito yosamalira nkhalamba ndi olumala ku England inali ndi malo pafupifupi 165,000 opanda munthu, pakuti malipiro ake ndi ochepa ndipo ntchito yake ndi yosambitsa, yotawiza ndi yodyetsa munthu amene si mbale wako. Mu Febuluwale 2022 boma linalola kuti antchito otere azitengedwa kunja. M'zipatala za boma za NHS ku England, pafupifupi wantchito mmodzi mwa asanu alionse si mbadwa ya Britain. Mayunivesite nawo amapumira m'fizi ya ophunzira akunja, amene amalipira ndalama zambiri kuposa eni dziko. Unduna wa zachuma unkadziwa zonsezi, ndipo unkasaina. Masana nduna zinkatukwana obwera pamsonkhano, usiku nkumadinda ziphaso. Walira mvula walira matope, koma awa ankafuna mvula yogwa m'munda mokha, pabwalo pali gwaa.

Pofuna kuphimba bodzali panafunika sewero, ndipo sewero lake linali Rwanda. Mu Epulo 2022 mayi Patel anakasaina pangano ku Kigali lakuti ofika pa timabwato azitumizidwa kumeneko osabwereranso. Ndege yoyamba inalephera kunyamuka mu Juni chaka chomwecho. Mu Novembala 2023 oweruza asanu a bwalo lalikulu kwambiri la Britain anagamula onse pamodzi kuti dongosololi likuphwanya malamulo, poti panali chiopsezo chakuti othawa kwawo angabwezedwe kumene anathawako. Boma linayankha mwa njira yodabwitsa: linapanga lamulo lonena kuti Rwanda ndi dziko lotetezeka, ngati kuti Nyumba ya Malamulo ingavote kuti ng'ona ndi chikuni anthu nkuyamba kusamba. Ife tikudziwa kuti ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kuli anthu ochokera ku Rwanda komweko amene akhala zaka zambiri osafuna kubwerera. A Jenrick anatula pansi udindo ponena kuti lamulolo linali lofewa. Boma latsopano la Labour litathetsa dongosololi mu Julayi 2024, linauza Nyumba ya Malamulo kuti panapita mapaundi 700 miliyoni, ndipo amene anafika ku Kigali anali anthu anayi okha, opita mwa kufuna kwawo. Chipani chimene chimadzitama kuti chimasamala khobidi la wokhoma msonkho chikanayenera kuthera mpikisano wonse chikufotokoza za ndalama zimenezi. Koma opikisanawo ankakangana zoti ndani akanaulutsa ndegeyo msanga.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi lamulo lina limene silinachite phokoso ngati Rwanda. Kuyambira mu Malichi 2024, wobwera kudzasamalira nkhalamba analetsedwa kubwera ndi mkazi, mwamuna kapena ana ake. Taganizirani mayi wa ku Lagos, ku Harare kapena ku Blantyre amene akugoneka agogo a eni ake usiku uliwonse, pamene mwana wake wa zaka zinayi amangomuonera pa foni. Chiphaso chake nchomangirira kwa bwana mmodzi. Bwanayo akalandidwa chilolezo, mayiyo amapatsidwa masiku owerengeka kuti apeze wina, apo ayi anyamuke. Thandizo la boma limene mbadwa zimalandira zikavutika iye saloledwa kulandira, koma msonkho amakhoma. Ife a kuno dongosolo ili si lachilendo. Ndi lomwe lija la Wenela, limene linkatenga azigogo athu kupita nawo ku migodi ya ku South Africa: bwera ndi mikono yako, mkazi ndi ana usiye kumudzi, mphamvu zikatha ubwerere ndi chifuwa chako. Akufuna manja, sakufuna munthu. Koma chilengedwere manja sanayendepo okha. Amabwera ndi mimba, ndi chilankhulo, ndi chipembedzo, ndi ana.

Ndisanamizire kuti onse odandaula ndi atsankho. Dziko lililonse lili ndi ufulu wonena amene alowe ndi amene asalowe, ndipo munthu wa ku Stoke kapena ku Hull amene wadikira nyumba ya boma zaka zambiri, naona lendi ikukwera, ali ndi chifukwa chofunsira mafunso. Anthu 900,000 m'chaka chimodzi ndi ambiri, ndipo amafuna nyumba, masukulu ndi madokotala. Amene akugulitsa malo pa timabwato ndi zigawenga. Mu Novembala 2021 anthu osachepera 27 anamira tsiku limodzi. Zonsezi nzoona. Koma mtsogoleri woona mtima akanaima nkunena mtengo wake. Akanati: mukafuna obwera achepe, tikweza malipiro a osamalira nkhalamba, ndipo msonkho wanu ukwera; tiphunzitsa anamwino athu ambiri, ndipo zitenga zaka; mayunivesite ena atsekedwa; mupuma pantchito mochedwerapo. Kumeneko kukanakhala kukambirana kwa akuluakulu, ndipo wovota akanasankha akudziwa. Mawu oterewa sanamveke pa nsanja. Chimene anthu anagulitsidwa ndi mankhwala a pamsika aja ochiza mutu, msana, chuma ndi banja m'botolo limodzi.

Pali ena amene amati nkhaniyi singakhale ya tsankho poti otsogolera ake ndi ana a obwera. Nzoonadi kuti makolo a a Sunak anabadwira kum'mawa kwa Africa, a mayi Patel anachokera ku Uganda, mayi a a Cleverly ndi a ku Sierra Leone, ndipo mayi Badenoch anakulira ku Lagos nabwerera ku Britain ali ndi zaka 16. Ine sindili m'gulu la onena kuti munthu wakuda ayenera kuganiza mwakutimwakuti chifukwa cha khungu lake. Ameneyonso ndi goli. Mayi Badenoch ali ndi ufulu wokhala ndi maganizo awo, ndipo kukhala munthu wakuda woyamba kutsogolera chipani chachikulu ku Britain si chinthu chochepa. Koma mfundo timaiyeza payokha. Iwo anabadwira ku Wimbledon mu 1980, pamene lamulo linkati wobadwira m'dzikomo ndi mbadwa. Khomo limenelo linatsekedwa mu Januwale 1983 ndi boma la mayi Margaret Thatcher. Pa tsiku limene mtsikana wa zaka 16 uja ankatsika ndege, palibe akanadziwa kuti mwa iye muli mtsogoleri wa chipani. Wina woyeza zikhalidwe pachipata akanayang'ana dziko limene wachokera nkugwedeza mutu. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumoko sikaoneka pa pasipoti. Ngati vuto ndi munthu womenya mkazi kapena wolalikira chidani, malamulo alipo, amumange. Kuweruza fuko lonse munthu asanalakwe ndi ntchito imene atsamunda anaigwira kale pa ife, ndipo tikuidziwa fungo lake.

Kunena za atsamunda kwandifikitsa pa mawu a a Jenrick a mu Okutobala 2024, mpikisano uli pafupi kutha, pamene analemba kuti maiko amene analamulidwa ndi Britain ali ndi ngongole ya kuthokoza. Popeza Nyasaland inali limodzi mwa maikowo, tiyeni tiwerengerane. Msonkho wa nyumba umene unathamangitsa amuna m'midzi kukagwira ntchito m'minda ya azungu, tithokoze? Thangata, tithokoze? Chipilala cha ku Zomba chili ndi maina a asilikali a King's African Rifles amene anafera nkhondo ya mfumu ya ku London, ndipo ana awo anakamenyanso ina m'nkhalango za ku Burma. Chitaganya cha 1953, chimene anthu a kuno anachikana poyera, chinakakamizidwa ndi boma la Conservative. Mu Malichi 1959 boma la chipani chomwecho, pansi pa a Harold Macmillan, ndi limene linali pampando pamene anthu oposa 50 anaphedwa m'dziko muno, ambiri a iwo pa doko la Nkhata Bay, ndipo woweruza wawo yemwe, a Devlin, anapeza kuti dziko lino linali litasanduka la ulamuliro wa apolisi. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino athu, ophunzitsidwa ndi msonkho wa mlimi wa fodya, ankachoka chaka ndi chaka kukagwira ntchito m'zipatala za ku Britain pamene Edzi inali itadzaza mawodi a ku Queens ndi ku Central. Sindikukana kuti Britain yatithandiza ndi ndalama zambiri, kuphatikizapo zowonjezera malipiro a azaumoyo kuyambira mu 2005. Koma ngati tikutsekula buku la ngongole, titsekule masamba onse. Anthu a ku Caribbean amene anaitanidwa kudzamanga Britain nkhondo itatha analandira kuthokoza kwa mtundu wanji? Mu 2018 zinaululika kuti ena a iwo, atakhala m'dzikomo zaka 50, anachotsedwa ntchito, kumanidwa chithandizo cha kuchipatala, kutsekeredwa, ena kuthamangitsidwa kumene, chifukwa cha ndondomeko ya mayi May yofuna kuti moyo wa wopanda mapepala ukhale wowawa.

Ngakhale pangano la ECHR limene akulida lero si la alendo. Linalembedwa mu 1950, utsi wa nkhondo ya Hitler usanathe, ndipo mmodzi mwa olemba ake akuluakulu anali David Maxwell Fyfe, loya ndi phungu wa Conservative. Limateteza mbadwa ya ku Britain kwa boma lake lomwe, ndipo ndi limodzi mwa mizati ya pangano la mtendere la ku Northern Ireland la 1998. Ku Ulaya maiko odziwika amene ali kunja kwake ndi Russia ndi Belarus. Kugwetsa mpanda wa mudzi wonse pofuna kupirikitsa mlendo mmodzi ndi nzeru ya munthu amene waiwala kuti afisi sasankha khomo.

Tsono kodi malonda amenewa anapindula? Pofika mu 2025 chiwerengero cha obwera chinali chitatsika kupitirira theka, koma mfuu sinatsike ngakhale pang'ono, umboni wakuti njala imeneyi sikhuta manambala. Boma la Labour nalo linalowa m'gule, ndipo mu Julayi 2025 linatseka njira yotengera kunja antchito osamalira nkhalamba. Mu Okutobala 2025 mayi Badenoch, amene chaka chimodzi m'mbuyomo ankakana kulonjeza, analengeza kuti chipani chawo chikadzalowa m'boma chidzatulutsa Britain mu ECHR. Woluza mpikisano anapambana mkangano. Ndipo mu Januwale 2026 a Jenrick, atachotsedwa pa udindo ndi mayi Badenoch, tsiku lomwelo analowa chipani cha a Farage. Ukamaponyera fisi mafupa kuti asalowe m'khola, umangomuphunzitsa njira ya kwanu. Wovota amene wauzidwa zaka 14 kuti mavuto ake onse ndi mlendo, nanamizidwa zaka 14 kuti mlendoyo achotsedwa, tsiku lina amapita kwa mwini nyimbo, kusiya woimba mobwereka.

Chipanichi chinakhalapo ndi atsogoleri a msana. Mu Epulo 1968 Enoch Powell atalankhula mawu oopseza anthu ndi mwazi chifukwa cha obwera akuda, Edward Heath anamuchotsa pa udindo m'mawa mwake, ngakhale makalata ndi zionetsero zinali kumbali ya Powell. A Heath sanali munthu wa zipata zotsekula. Boma lawo linakhwimitsa malamulo a olowa mu 1971. Koma mu 1972 Idi Amin atathamangitsa amwenye ku Uganda, a Heath analandira anthu pafupifupi 28,000, mbali ina ya chipani chawo ikukuwa. Anadziwa kusiyanitsa kulondera chipata ndi kudyera pa mantha a anthu. Mu 2023 nyuzipepala zinaulula kuti a Jenrick, ali nduna, analamula kuti zithunzi za Mickey Mouse zimene zinali pakhoma la malo olandirira ana ofika okha ku Kent zifutidwe ndi penti. Kuchoka pa Heath kufika pa munthu wolimbana ndi zidole za ana, ndiye ulendo umene chipanichi chayenda.

Tisawerenge izi tikuseka ngati nkhani ya kutsidya kwa nyanja. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ife ndife mtundu wa matchona: tili ku Harare, ku Ndola, ku Johannesburg, ku Leeds. Mu 2008 ndi mu 2015 tinalandira abale athu pa mabasi akuthawa zikwanje za ku South Africa, kumene andale ena amanena za ife mawu omwewo amene a Jenrick amanena za ena. Komanso mu 2023 boma lathu lomwe linasonkhanitsa othawa kwawo amene ankachita malonda m'matauni, ena nkuyamba awasunga ku ndende ya Maula, kenako kuwabweza ku Dzaleka, kampu yomangidwira anthu pafupifupi 10,000 koma yosunga oposa 50,000. Ambiri a ife tinaomba m'manja poganiza kuti mashopu awo akatsekedwa umphawi wathu utha. Sunathe.

Choncho wandale aliyense, wa ku London kapena wa ku Lilongwe, akadzaima pa nsanja nkuloza mlendo, tisayang'ane kumene chala chikuloza tisanayang'ane mwini chalacho. Timufunse kuti anali kuti pamene zinthu zinkaonongeka, anasaina chiyani, ndipo mlendoyo akachoka ntchito yake adzagwira ndani, pa malipiro anji, ochokera m'thumba la yani. Akalephera kuyankha, tidziwe kuti sakufuna kuchiza dziko. Akufuna mpando basi, ndipo wapeza msana wa munthu wopanda voti woti akwererepo.